Beseni limene ndinatsuka

Chaka chimene othawa nkhondo a ku Mozambiki anadzaza kwathu ku Katuli, amuna anga anasanza magazi. Linali Lachisanu m'mawa, akukonzekera zopita kumzikiti. Magaziwo anafika pakati pa beseni. Apongozi anga, mayi awo, analamula kuti ndikawakwirire kuseri kwa nkhokwe munthu asanaone, poti magazi akagwera m'manja mwa adani, mwiniwake wapita. Ndinakumba, ndinakwirira, beseni n'kulikwecha ndi phulusa mpaka kuwala. Pa ukhondo pokha sindinkagonjera munthu.

Kuchipatala chaching'ono chapafupi tinapeza mzere utafika kumsewu, ambiri ali alendo athu omwewo. Dokotala anali mmodzi, maso ali psuu ndi kutopa. Atandifunsa kuchuluka kwa magaziwo, apongozi anandiponda chala, ine n'kuyankha kuti anali pang'ono chabe. Za chimbudzi chakuda ngati phula chimene ndinkachiona sindinatchule n'komwe. Ungazinene bwanji za amuna ako, mayi awo ali pomwepo? Anati ndi zilonda za m'mimba, anatipatsa mankhwala oyera akumwa, tinabwerera.

Lamlungu anasanzanso. Milomo inayera, dzanja lawo linazizira m'dzanja langa, ndipo ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Komabe ndinatenga khasu. Kuseri kwa nkhokwe kunanditsatira mayi wina wa ku Mozambiki amene tinamupatsa malo pambali pathu. Kwawo nkhondo isanafike ankakolopa m'chipatala. Anandigwira mkono.

"Amama, musakwirire. Akuchipatala samva za pakamwa, amafuna aone. Nyamulani beseni lomwelo."

Ndinaliphimba ndi chitenje apongozi akulalata, tinakwera lole ya chimanga yopita ku Boma. Msewu wonse beseni lili pamiyendo panga, likukhavukira pa zovala. Anzathu a m'lole anafunsa ngati ndanyamula ndiwo. Sindinaseke, maso anali pa chifuwa cha amuna anga, kuona ngati chikukwerabe.

Kuchipatala chachikulu mzere unaposa wa kwathu. Namwino anatilozera kumapeto, ine ndinangovundukula chitenje. Namwinoyo anasiya cholembera n'kuthamangira machira. Posakhalitsa diripi inali pamkono. Analetsa phala ngakhale madzi, pomwe kuchipatala cha kwathu kuja anati azidya kuti apeze mphamvu. Dokotala anawasinika pamimba, anafunsa ngati anakhalapo kunyanja. Ndinati anakulira ku Monkey Bay akukoka makoka. Anati ndi likodzo lakalekale limene linawononga chiwindi, mitsempha ya kummero n'kuphulika. Kenako anafunsa tsiku limene zinayamba.

Ndinati Lachisanu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine maso pansi.

Anawaika magazi a munthu amene sitimudziwa mpaka lero. Masiku atatu ndinakhala pansi pafupi ndi bedi, akangotsokomola ine mtima phaa, dzanja lili kale pa beseni.

Tinatuluka patatha milungu iwiri, akuyenda okha. Ndinkauza aliyense kuti chipatala cha kwathu n'chosathandiza, cha ku Boma ndiye chipatala. Mayi wa ku Mozambiki uja ankangomvetsera akupeta mphale yake, ndipo ndikamuona ndinkatsitsa mawu, poti ankadziwa chimene ndinapita nacho ku Boma ndi chimene ndinabisira dokotala wa kwathu.

Apongozi anadikira odzazonda atabalalika, n'kundinong'oneza.

"Nanga magazi a mwana wanga aja munawasiya kuti?"

"Anawathira m'ngalande ya chipatala, amayi, anthu onse akuona. A Lachisanu aja alipo, tinawasunga bwino kuseri kwa nkhokwe. Ndi omwewo akanatiphera munthu."