Njere Makumi Anayi M'thumba Mwanga

Fungo la madzi otentha a ku Chinyunyu, lija longa la mazira owola, limandibwezera ku nyengo yachisanu ya chaka chimene ndinali mu giredi sikisi. M'mawa nthunzi inkakwera pamwamba pa udzu, ndipo ine ndi Esnati, msuweni wanga, tinkaima pafupi n'kumatenthetsa mapazi tisanathamangire kusukulu. Boma lathu la Rufunsa linali likadali latsopano, ndipo kalasi yathu inasankhidwa kukaguba ku boma pamaso pa akuluakulu ochokera ku Lusaka. Lole yotitenga inali kudzabwera Lachisanu. Ambiri a ife tinali tisanakwerepo lole.

Ahedi analamula kuti mizere yonse ikhale yofanana, pasapezeke wolendewera kumbuyo. M'kalasi tinalimo ana 37. Aphunzitsi athu, Ba Mumba, anatindandalika pabwalo lafumbi potsata msinkhu. Pa mizere iwiri, mmodzi anatsala. Pa itatu, mmodzi anatsala. Pa inayi, chimodzimodzi. Pa isanu tinatsala awiri, ine ndi Esnati, pakuti tinali aafupi kuposa onse, iye mfupi koposa. Mphepo inkatiwomba m'miyendo yotuwa, Ba Mumba akuwerenga mobwerezabwereza, ahedi ataima pakhonde.

Madzulo ake ndinatonola chimanga n'kuwerenga njere 37 pa lichero. Ndinaziyala m'mizere isanu ndi umodzi, isanu ndi iwiri, isanu ndi itatu, mpaka amayi anandikalipira kuti ndikuitana nkhuku. Nthawi zonse zina zinkatsala. Koma nditachotsa njere imodzi yokha, zonse zinakhala bwinobwino.

Ndinali mwana wosayankhula m'kalasi, koma ndinkalakalaka kuti Ba Mumba adziwe dzina langa. Choncho m'mawa mwake atafunsa amene waganizapo, dzanja langa linakwera lokha. Ndinanena chapansipansi kuti 37 sigawika ndi nambala ina iliyonse, kupatula 1 ndi iyo yomwe, koma 36 imalola mizere inayi, isanu ndi umodzi, ngakhale isanu ndi inayi.

"Iwe kamtsikana, kodi unabisala kuti masiku onsewa? Muwombereni m'manja!" anatero Ba Mumba.

M'manja munali musanathe kulira pamene ahedi, amene anaima pawindo, anati, "Basi, nkhani yatha. Chotsani wakumapeto."

Wakumapeto anali Esnati. Sanalire. Anangoyang'ana zala za kumapazi kwake. Pobwerera kunyumba anayenda patsogolo panga njira yonse, ndipo m'mawa wotsatira sanandidikire pa madzi otentha. Yunifomu imene amalume anamugulira atagulitsa nkhuku inali itachapidwa kale, ili pachingwe.

Ndinabwereranso ku lichero. Ulendo uno m'malo mochotsa ndinawonjezera. Njere 39 zinapanga mizere itatu, ndipo njere 40 zinapanga mizere isanu yokongola, zisanu ndi zitatu mumzere uliwonse. Pankangofunika ana atatu a mu giredi faifi. Njerezo ndinazimanga m'kansanza n'kuziika m'thumba la diresi. Lachitatu ndinaima pakhomo la ofesi ya ahedi mpaka belu linalira. Lachinayi Ba Mumba anatuluka n'kundipeza pomwepo, choko chili mbuu m'manja.

"Ufuna chiyani, katswiri wanga?"

Kumbuyo kwawo ndinamva ahedi akutsokomola. "Palibe, aphunzitsi," ndinatero.

Lachisanu lole inafika. Esnati anaima m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi amayi ake ogulitsa mbatata, atavala yunifomu ija ngakhale tsikulo kunalibe sukulu. Panjira mnyamata wina anasanza mpaka sanathe kuima, ndipo Ba Mumba anatikonzanso msangamsanga, ana 35 m'mizere isanu. Akuluakuluwo anafika dzuwa litapendeka, ndipo pamene tinkaguba ankacheza okhaokha. Palibe anatiwerenga.

Kwa zaka zingapo ndinkadana ndi 37, ndikuiona ngati nambala yankhanza imene inalanda Esnati ulendo wake. Lero ndikudziwa kuti nambalayo inalibe mlandu: inangokana kugawika, sinauze munthu kuti achotse mwana. Ndinali ndi mayankho awiri, onse olondola. Lochotsa munthu ndinalinena pamaso pa kalasi yonse. Lomubwezeretsa ndinapita nalo ku boma n'kubwera nalo, lili m'thumba.