Kuseri kwa Khomo Lomaliza

Bambo okonza mawailesi pakona paja amadzipangira okha magemu a timakina takale tam'manja, tija toyendera mabatire. Gemu yawo ndi yokankha mabokosi m'tinjira mpaka khomo litseguke. Amati kuseri kwa khomo lomaliza kuli zodabwitsa, koma palibe angafikeko, poti mitu ya masiku ano ndi maungu. Akazi awo sawawerengera n'komwe.

Lachiwiri mayiwo anatenga kamakinako popita kuchipatala, kumene mzere sutha. Pobwerako anapeza amuna awo akudzitama kwa makasitomala, ndipo anawaonetsa kagalasi koyera mbee. Bambowo sanaikeko kanthu kuseri kwa khomolo, poti sankayembekezera mlendo.

"Mwina mabatire atha," anatero akukanda m'mutu.

"Mabatire ndi atsopano, abambo. Ndafika ndithu. Kwangofanana ndi nyumba ija munandilonjeza pondifunsira."