Tebulo la pakhonde la abwana

Mdzukulu wanga anandionetsa pa foni filimu ya munthu wosewera tenesi ya patebulo. Iye ankaseka mpaka misozi. Ine ndinamubwezera foni yake.

Ndinafika ku Lilongwe pa lole ya mafayilo, likulu likusamuka ku Zomba. Ndinali mesenjala. City Centre inali fumbi lofiira, zitsa ndi nyumba zosamaliza. Ndinkagona ku Area 1, kuseri kwa sitolo ya Mmwenye. Mwini sitoloyo anali ndi tebulo la tenesi mosungira katundu, pakati pa matumba a mchere, ndipo anandibwereka kathabwa komenyera. Patatha zaka ziwiri panalibe wondigonjetsa mu Old Town monse. Sindikudzitama.

Abwana a ku ofesi, munthu wa kumpoto wophunzira bwino, ankasankha anthu anayi okasewerera ofesi yathu ku Blantyre. Atatu anali atapezeka, onse makalaliki. Malo anatsala amodzi. Ndinkawafuna.

Loweruka masana anandiitanira kwawo ku Area 10. Tebulo linali pakhonde, alendo atakhala mozungulira, madamu a abwanawo ali pomwepo.

"Mesenjala, akuti ndiwe katswiri," anatero abwana. "Ukandigonjetsa, ukupita."

"Ndiyesa, bwana."

Kumanzere kwawo kunali kofooka. Ndinkangoponya komweko, ndipo ndinatsogola kutali. Mlendo wina anaseka nati, "Achimwene, mesenjala akukuvulani pakhomo panu pomwe." Madamu anayang'ana pansi.

Kwathu tinakula tikudziwa kuti wamkulu sachititsidwa manyazi pakhomo pake. Ndinayamba kumenyera kampira mu neti, kenako kunja kwa tebulo. Ndinkati abwana aona okha chimene ndikuchita, amvetsa. Anapambana.

Anapukuta thukuta nandigwira paphewa.

"Dzanja uli nalo, koma mtima ulibe. Ukaona anthu umanjenjemera. Ku Blantyre adzachuluka kuposa pano."

Ndikanawauza zoona, ndikanawavula kawiri.

"Zoona, bwana," ndinayankha.

Anatenga kalaliki wina amene sanandipambanepo ngakhale kamodzi. Tsiku lonyamuka ndine ndinakweza zikwama za osewerawo m'galimoto, poti inali ntchito yanga. Madzulo ndinabweza kathabwa kwa mwini sitolo. Atafunsa chifukwa, ndinati phewa likundipweteka. Sindinasewerenso.

Abwana aja ndinawagwirira ntchito mpaka anapuma. Anamwalira akudziwa kuti anandigonjetsa.