Tsiku Limene Ndinachapa Malamba ku Mponela

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza ndili kale ndi zidzukulu zisanu, mutu uli mbuu. Moyo wanga wonse ndinali wa khasu ndi wosoka fodya kwathu ku Chezi, mpaka mwana wanga ananditenga kuti ndizikakhala naye ku Mponela. Tsiku lina ndikuyenda ndi lichero la nthochi, ndinamva m'shedi yakale ya fodya mukulira phi! phi! Ndinasuzumira. Amayi inu! Anthu akuluakulu, amuna ndi akazi, atavala zoyera ngati a kwaya, akugubuduzana pansi popanda wotukwana mnzake. Ndinaseka mpaka nthochi kugwa.

Munatuluka mayi wamfupi, thukuta lili kamukamu. "Agogo, mumaseka bwino. Kodi kukolopanso mumatha chomwecho?" Amenewo anali a Nankhoma, aphunzitsi a masewerawo, amene anakawaphunzira ku Joni. Dzina la masewerawo ndi jujitsu ya ku Brazil, kulimbana kwa pansi kopanda nkhonya, kopanda mateche. Mawa lake ndinayamba.

Zida zanga zinali ndowa ziwiri, mopu, burashi, sopo ndi mankhwala ophera tizilombo. Mphasa zawo ndi za mphira, zolumikizana ngati mano. Umayamba wasesa, kenako ukolope chobwerera m'mbuyo kuti usapondenso pamene wadutsa, kuopa chipere. Nsapato zimatsala pakhomo. Malaya awo olimba aja, amene amawatcha gi, ndinkachapa ndi madzi ozizira kuti asafinyike.

Ndinkafika mmawa, nkhungu ya kumapiri a Ntchisi isanachoke. Dzuwa likalowa pa ziboo za malata, iwo ali kukwawa chagona kuchokera khoma ili mpaka khoma ilo, chiuno uku, chiuno uko, ndinkaona ngati nsomba zikusambira m'mitambo. Ndinkaiwala mopu m'manja. A Nankhoma ankangobwereza zomwezomwezo. "Chitani pang'onopang'ono, kambirimbiri, mpaka thupi lizikumbukira lokha. Pumani ndi mphuno. Mnzanu akakupanani, mugogodeni msanga akusiyeni, kenako mumufunse wakugwirani bwanji." Ine, poti kanthu kalikonse ndimakaimba, ndinapeka kanyimbo kokolopera: chiuno chithawe, bondo lilowe, mpweya ubwere, eee. Ankandiseka. Ine ndinkaimbabe.

Tsono Lachisanu lina anasiya malamba awo omangira gi pa chingwe. Anali akuda bii ndi thukuta, ndipo kumapeto kwa lamba aliyense kunali titepi toyera tomatidwa, wina kamodzi, wina tiwiri, wina titatu. Ine ndinati, ana awa, chinthu chikang'ambika m'malo mosoka akumata ndi tepi! Ndinamatula tonse bwinobwino, ndinachapa, ndinayanika. Ndinadabwa kuti pansi pa titepito panalibe pong'ambika, koma ndinangoti zaphweka. Malamba anawala ngati a ukwati.

Loweruka mmawa, Lenadi, bambo wamkulu thupi wonyamula mabelo a fodya, anatola lamba wake n'kuima chilili.

"Tanga titatu tili kuti?"

"Litsiro lija, bambo? Ndachotsa."

"Litsiro? Zaka ziwiri zanga mukuti litsiro?"

Ndi pamene ndinadziwa kuti katepi kalikonse kanali umboni wa miyezi ya thukuta, womatidwa ndi dzanja la aphunzitsi. Lenadi anati, "Aphunzitsi, agogowa abwerere ku nthochi zawo." Ena awiri anavomereza. Ine ndinangogwira mopu, ndikuganiza zobwerera kukakhala pakhonde la mwana wanga, kumangowerenga maminibasi odutsa.

A Nankhoma anakhala pansi, n'kutulutsa mpukutu wa tepi. "Chabwino. Ngati luso lanu linali m'titepi, ndiye kuti agogo alitaya ndi madzi a sopo, apite. Ngati lili m'thupi mwanu, ndionetseni, atsale. Lenadi, iwe ndiye wadandaula kwambiri, gona pansi."

Anaitana mayi wina woonda, namwino, dzina lake Esinati, kuti amugonere pachifuwa chopingasa. "Choka pamenepo," anatero a Nankhoma kwa Lenadi. Lenadi, ndi mkwiyo wakewo, anayamba kukankha ndi manja ngati akukweza belo pa lole. Esinati anangomata ngati nsabwe. Lenadi anakankhanso. Mpweya unayamba kumuthera, maso ali psuu, mapazi akungopalasa mphasa yanga yokolopa bwino. Wina anakuwa, "Achimwene, kapena tikuitanireni ngolo?" Anthu anaseka, koma ine ayi. Ntchito yanga inali pansi pomwepo, pamodzi ndi munthu wofuna kundichotsa.

Sindidziwa kuti pakamwa panatseguka bwanji. Ndinangomva mawu anga akutuluka, pansipansi. Chiuno chithawe, bondo lilowe, mpweya ubwere, eee. Ndinabwereza. Wina kumbuyo anayamba kuomba m'manja. Lenadi analeka kukankha. Anapuma kamodzi, kawiri. Anaponda phazi, anatembenukira chammbali, chiuno chinathawa, bondo linalowa pakati pa iye ndi Esinati, ndipo anapulumuka mofewa ngati mwana wotsika kumsana. Nthungululu inandipulumuka, mopu m'mwamba!

A Nankhoma anamumata tiwiri tokha. "Kachitatu aimba ndi agogo. Ukadzatha wekha popanda nyimbo, udzakatenga." Ena onse anayesedwa mmodzimmodzi mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo aliyense anapeza kuti zimene ankabwereza mmawa uliwonse ndi zimene zinamuyankha.

Potuluka, Lenadi anaima pakhomo, nsapato m'manja. "Agogo, kanyimbo kaja, kamayamba ndi bondo kapena chiuno?"

"Chiuno, mwanawe. Bondo silingalowe pamene chiuno sichinapereke malo."

Ndikugwirabe ntchitoyo mpaka lero. Ndinaphunzira kufunsa ndisanamatule chinthu chimene sindinamate ndine. Ndinaphunziranso kuti chimene wachibwereza kambirimbiri sichichoka ndi sopo. Katepi kachitatu ka Lenadi kanabwerera mvula itayamba, ndipo lamba wake amabwera naye yekha kwa ine kuti ndichape. Amangoti, "Agogo, mulambalale apa." Ine ndimalambalala, ndikuimba.