Mpopi Wodontha wa Aphunzitsi

Kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi opuma ntchito kuli kamalo konyowa kamene dzuwa silifikapo. Pamenepo, pansi pa mpopi wodontha, pali tsinde la mlulu, udzu wa m'dambo umene malemu akazi awo anadzala kuti uzikongoletsa pakhomo. M'mawa uliwonse aphunzitsiwo amapisa chala m'dothi n'kunena kuti, "Wamwa kale uyu."

Tsiku lina mkamwini wawo anabwera ndi sipanala n'kuumanga mpopiwo kuti gwa.

"Bambo, madzi aja satayikanso!" anatero monyadira.

Aphunzitsi anamuthokoza kwambiri, namuperekeza mpaka pageti. Atabwerera anagwada pampopi paja n'kuumasula pang'onopang'ono, mpaka dontho linagwera pamasamba.

"Pepani amayi," ananong'oneza. "Mwanayu sakudziwa kuti mumamwera pano."