Batani Lozimitsira Nyimbo pa Nthawi ya Azana

Ayi, sindinagule ina, laputopu ndi yomweyi. Mukunena batani lofiirali? Dikirani ndikuuzeni bwinobwino, chifukwa mpaka lero ndikaliona mtima umachita kuvina.

Ine ntchito yanga ndi kuika nyimbo m'maukwati, kuyambira ku Benga mpaka ku Dwambazi. Sukulu ndinalekezera sitandade faifi, ndiye pa makinawa ndinkadziwa batani limodzi basi, lalitali la m'munsili. Ukalidina nyimbo yayamba, ukalidinanso yaima. Kwathu kuno limeneli ndi lofunika kuposa masipika, chifukwa maukwati ambiri ndi a Asilamu. Azana ikangomveka ku mzikiti, kuitanira anthu ku mapemphero a swala, nyimbo izime pompo. Osati kuchepetsa ayi, kuzima.

Ndiye mchenga wa kunyanja ku Ngala unalowa pansi pa batani lija. Tsiku lina pa ukwati azana yayamba, ine kudina, palibe. Kudinanso, nyimbo ikungopita, amayi ali m'kati kuvina. Kamuvi ka pa sikirini sindimakaona ndi dzuwa, komanso zala zangazi zinauma kalekale ndi zingwe za makoka, pamalo poyendetsera kamuvi paja sizimveka. Ndinangozula waya, masipika n'kulira ngati ng'ombe. Amalume a mkwatibwi, bambo achikulire a kofia yoyera, anabwera pang'onopang'ono.

"Achimwene, Loweruka likudzali tikukwatitsa mwana wina. Zikachitikanso izi, m'mudzi muno musadzabwerenso ndi mabokosi anuwa."

Sanakweze mawu. Chimenecho ndiye chinandiopsa.

Lolemba ndinakwera njinga mpaka ku Benga, kwa mayi ena amene amachita fotokope ndi kutaipa makalata. Anapemerera, anagogoda, kenako anati batanilo lafa ndithu.

"Koma bambo, mabatani onsewa mumagwiritsa angati?"

"Limodzi, lomwelo."

Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Ndiye mukulira njala muli m'munda wa chinangwa."

Analowetsa kapulogalamu kena, n'kundiuza ndisankhe batani loti chala changa chingalipeze ndili chitsinzinire. Ndinaloza lalikulu la kumanjali. Anati ntchito ya lakufalo tiipereka kwa limeneli. Ine ndinkayesa batani lililonse linabadwa ndi ntchito yake. Kani ndi zongouzidwa, ngati anthu a m'bwato, wina akadwala umaika mnzake pa chingwe. Ndinadina, nyimbo inayamba. Ndinadinanso, zii. Ndinabwereza mwina kakhumi, anthu odikira fotokope akundiyang'ana. Mayiwo anatulutsa kyuteksi wofiira wopaka m'zala m'chikwama n'kulipaka kuti ndisalisokoneze ndi anzake.

Loweruka lija chakudya sichinalowe. Chala chinali pamwamba pa batani kuyambira m'mawa, khutu lili ku mzikiti, mwakuti tambala atalira ndinazimitsa nyimbo, amayi n'kunditukwana. Kenako azana yeniyeni inayamba. Ndinadina kamodzi. Bwalo lonse zii, mpaka ndinamva mbale zikugundana kukhitchini.

Amalume aja anadutsa pafupi ndi tebulo langa akupita kukaswali. Sanaime, anangoti, "Tikabwerako muyambire pomwepo. Mwezi wamawa kulinso ukwati wina."

Ndiye lanu likafa musataye makina. Pitani ku Benga, mukafunse aliyense wa kabaza, onse amawadziwa ndi dzina limodzi, Mayi a Fotokope.