Mpando wa Mayi Mlatho

Kwa zaka khumi ndi chimodzi Mayi Mlatho ankakhala pampando wapulasitiki pakhomo la shedi ya bungwe la alimi a tomato, mafoni atatu ali m'thumba la epuloni. Alimi anali ndi gulu lawo la mauthenga pa pulogalamu ina, madalaivala a malole pa ina, amayi a kumsika pa yachitatu, ndipo palibe ankafuna kusamuka. Mlimi akati tomato wapsa, mayiwo ankauza madalaivala ndi amsika. Dzina lawo loti Mlatho linachokera pamenepo.

Chaka chatha gulu lililonse linapeza kalaliki wa makina, uja amati AI, woyankha mauthenga ngati munthu. Kenako mkamwini wa mayiwo, wokonza mafoni, analumikiza akalaliki atatuwo kuti azilankhulana okha.

"Mayi, mwatumikira," anatero wapampando wa bungwe, maso ali pafoni. "Kapumeni. Makina satopa, sapitanso kuchipatala."

Ngakhale zikomo weniweni panalibe. Mpando wawo anauikira makatoni tsiku lomwelo.

Patangotha sabata, wapampando analemba kuti tomato wake wapsa, mabasiketi makumi anayi. Kalaliki wa alimi anauza wa madalaivala, wa madalaivala anauza wa kumsika, zonse m'kanthawi kochepa. Malole onse awiri a m'deralo anathamangira kumunda kwake n'kupeza tomato wobiriwira ngati magwafa. Anadikira tsiku lonse. Uku tomato wa mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje, wakupsa bwinobwino, anaphwanyikira m'mabasiketi m'mbali mwa msewu.

M'mawa mwake anaitanitsa Mayi Mlatho kushedi, anthu atadzaza.

"Vuto ndi inu," wapampando anawaloza chala. "Munachoka osaphunzitsa makina ntchito."

Mayiwo mtima unawawira. Kuchoka? Si anachita kuwachotsa ngati chikatoni chonyowa? Zaka zonsezo, ndani anawafunsapo kuti ntchitoyi amaigwira bwanji? Anthu ankangoona mayi wosindikiza mabatani.

"Apongozi, tangonenani," anachonderera mkamwini, laputopu ili pamiyendo. "Ine ndizilemba, akalaliki onse amva."

"Onse atatu?"

"Onse."

"Lembanitu, bambo." Anapukuta manja pa epuloni. "Dalaivala wa lole yabuluu akati ali pafupi, ndiye kuti akusamba. Mayi a kutsidya salemba mpaka tomato atafewa, amachita manyazi, muziyamba ndinu kuwafunsa. Mwalemba?"

"Ndalemba."

"Wapampando akati wapsa, muziwerenga masiku atatu. Amalemba msanga kuti alande lole anzawo asanaipeze. Akati makumi anayi, ndi makumi awiri ndi asanu. Ine uthenga wawo ndinkaugoneka m'thumba umu, osauza munthu, kuwasungira ulemu."

"Iwe, usalembe zimenezo!" anakuwa wapampando.

Koma chala cha mkamwini chinali chitagunda kale. Mafoni analira m'matumba monse, la dalaivala, la amsika, ngakhale la wapampando yemwe.

"Makina satopadi," anatero dalaivala wa lole yabuluu, akuwerenga. "Koma ine sindisamba nthawi yaitali choncho, mayi."

"Mumasamba."

Mkamwini anakanda mutu. "Zilipo zina?"

"Alimi alipo makumi asanu ndi limodzi. Ndanena awiri."

Mayi Mlatho anapita pakona, natsitsa makatoni aja limodzilimodzi, nakokera mpando wawo pakhomo. Palibe anawaletsa. Atakhala, anatulutsa mafoni atatu aja n'kuwayala pamiyendo.

"Uthenga uliwonse uziyamba wadutsa pano," anatero. "Akalaliki anuwo aziyembekeza."